Malo a Fadila pa Sukulu ya Pamtunda

Anthu a ku Overport, mu Durban muno, amawadziwa ngati mayi wosayankhula wa m'shopu ya makatani. Ena mpaka amati anabadwa choncho. Bodza lenileni! A Halimah, amene kwawo ku Namwera amawatchula kuti Abiti Amisi, ndi munthu wolongolola kuposa ine, chonsecho ine Lizzie pakamwa panga pamadziwika kuyambira mumsika wa Limbe mpaka pa Beitbridge. Kungoti iwowo amayankhula chitseko chikatsekedwa. Akangoponda panja, ali duu.

Ine ntchito yanga ndi yopikula katundu ku Durban, nsapato, mabulangete, zikwama za amayi, n'kukagulitsa kwathu. Ndikabwera ndimafikira m'chipinda chawo, pamwamba pa shopu ina ya nsalu, ndipo ndimayala matiresi pakati pa makina osokera ndi chitseko. Iwo ndi Asilamu, ine wa Katolika, koma za Mulungu sitinakanganepo. Timakangana za ndiwo, chifukwa iwo mchere amathira ngati wobwereka.

Anabwera kuno potsatira amuna awo, Che Kasim, amene ankasoka masuti m'tauni. Sipanapite nthawi, bamboyo anadwala chifuwa n'kumwalira, ndipo anaikidwa konkuno. A Halimah akanatha kulongedza n'kubwerera. Sanatero, chifukwa kumudzi anali atasiya mwana mmodzi yekhayo amene Mulungu anawapatsa, Fadila, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, m'manja mwa mng'ono wawo Tahira. Mwana amadya, amavala, amadwala. Anatenga makina a malemu aja n'kupeza ntchito yosoka makatani kwa mayi wina wachimwenye. Ali pomwepo mpaka lero, pakona ya mkati, msana kuchitseko, ndipo theka la mazenera a ku Overport lavala ntchito ya manja awo.

Kusayankhulaku kunayamba mu Meyi 2008, nthawi ija alendo ankasakidwa. Tsiku lina ali mu tekisi, minibasi ya kuno, kuchokera m'tauni, foni inalira. Anali Tahira, ndipo Fadila anali atagwidwa ndi malungo. Kodi mayi angasiye foni yotero? Anayankha, Chiyao ndi Chichewa mophatikiza monga amachitira, osazindikira kuti mu tekisi monse mwangoti zii. Anawatsitsa pakati pa msewu. Wina anawamenya mbama, wina anawavula mpango n'kuuponya pansi, ndipo jumbo ya nsalu za abwana awo inapita ndi tekisiyo. Mumsewu anthu anali tho, koma palibe anati leka. Kuyambira tsiku limenelo a Halimah anasiya ngakhale kuuza dalaivala poti atsike. Amadikira wina aimitse tekisi, atsikire pomwepo, kenako abwerere wapansi. Ndawakalipira kambirimbiri kuti miyendo itha ndi mantha. Iwo amangoti, "A Lizzie, kwa eni kulibe mkuwe."

M'chipinda ndiye nkhani inali Fadila yekhayekha. Fadila wakhoza, Fadila watalika mpaka nsapato sizikumukwana, Fadila akuwerengera anthu a m'mudzi mapepala a kuchipatala. Zaka zonsezo anamuona kawiri kokha. "Mwana wanga akukulira pa foni," ankatero. "Mawu ndikumva akusintha, koma nkhope ndilibe." Ankafuna abwere adzakhale nawo, adzaphunzire kuno, pakuti iwo sukulu anailekezera Sitandade 3 ndipo zimawapweteka mpaka pano. Koma mwana wa mbumba sanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Mchimwene wawo Che Mahmoud, mwini mbumba, anayankha mosapita m'mbali: "Mwana sapita ku Joni kukatsuka mbale za anthu. Mupeze sukulu, ndimulola. Popanda sukulu, akhala konkuno." Paja kwathu dziko lonseli timangoti ku Joni, kaya ndi Durban kaya ndi kuti.

Ndiye chaka cha 2013 chonse a Halimah anachithera pofufuza sukulu. Lachisanu masana shopu imatsekedwa kuti abambo apite ku mzikiti, ndipo nthawi yomweyo ana amakhala akuweruka. Anzawo akamapuma, iwo ankapita kukaima tsidya la msewu, moyang'anana ndi geti la sukulu, ngati munthu wodikira tekisi. Sanauze munthu. Kwathu chinthu chabwino sulengeza chisanapse, anthu ali ndi maso oipa. Ine ndinadziwa chifukwa ndinawapanikiza, nditaona nsapato zikutha zidendene pamene munthu amagwira ntchito atakhala pansi. Ndinati, "Abiti, mwapeza chibwenzi eti? Nenani, ndimuone ngati ali ndi mano." Anandigenda ndi pilo, kenako anati, "Lachisanu tiyeni mukaone nokha."

Abale, munthu uja anali ndi kayezedwe kake. Ine ndikanangoyang'ana penti ndi maluwa. Iwo ayi. Pa sukulu yoyamba, ya kufupi ndi msika m'tauni, belu litangolira anandigwira mkono. Ana anatuluka ngati mbuzi zotsekulidwa m'khola, akukankhana, wina kugwa ena n'kumudumpha. Koma iwo maso anali pa magalimoto. Aphunzitsi anali atatsogola kale, akuimbira ana mahutala kuti apatuke. Titafika kuchipinda anati, "Mphunzitsi wothawa ana ake, mwana wanga akadzagwa adzamudzutsa ndani?" Pa sukulu ina anazungulira kuseri kwa mpanda n'kuima pamene mphepo imadutsa kuchokera ku zimbudzi. Sanafunike kulowa. "Mtsikana akakula amafuna madzi ndi chitseko chotsekeka," anatero. Ina ya ku Isipingo inkaoneka bwino ndithu, koma pakona ya mpanda pankakhala anyamata osavala yunifolomu, maso ali psuu, akusuta zinthu zawo zija, ndipo mtsikana aliyense wodutsa ankamuitana dzina lake. Zoti akudziwa maina a atsikana n'zimene zinawaopsa.

Ankayang'ana mazenera, ngati osweka amakonzedwa kapena amangomatidwa makatoni mpaka chaka kutha. Ankayang'ana zikwama, ngati muli mabuku kapena mphepo. Ankayang'ana atsikana ovala mipango, ngati akuyenda pakati pa anzawo kapena paokha kumbuyo. Koma koposa zonse ankatchera khutu. Chizulu amachimva bwinobwino ngakhale sachiyankhula, ndiye ankamvetsera mmene ana amaitanirana, ngati pali wina akunenedwa dzina lija la kwerekwere limene amatinena nalo alendofe.

Sukulu imene inawagwira mtima inali pamtunda, ulendo wapansi kuchokera kuchipinda chawo. Ndi ya boma, yakale, makoma ofiira, siyokongola n'komwe. Koma pa geti pankaima mphunzitsi wa imvi mpaka mwana womaliza atatuluka, ndipo ankawadziwa maina. Ana anali osakanikirana, Azulu, Amwenye, ena ooneka kuti ndi a ku Congo. Lachisanu lina anaona kamtsikana ka ku Congo kakuyankhula ndi mayi ake chinenero chawo, mokweza, pa geti penipeni, anzake a Chizulu ataima pambali kukadikira kuti apitire limodzi. Palibe anaseka. A Halimah atafika m'chipinda anakhala pa bedi n'kulira, osavula n'komwe nsapato. "Ndaipeza, a Lizzie. Mwana wanga adzandiyankhula pa geti."

Sanakhutire ndi tsiku limodzi. Anapitako mvula ikugwa, kuti aone ngati ana amawasiya panja. Anapitako nthawi ya mayeso, kuti amve ngati kumakhala bata. Mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pa geti anafika powazolowera, moti ankangowakulungira awiri iwo asanaloze n'komwe.

Apa ndiye pamene pamandipweteka. Tsiku lina ndinati, "Abiti, kunja konse mwaona. Tiyeni tilowe mu ofesi tikafunse mmene amalembera ana."

Anakana. "Ndikalowa ndekha, akamva kayankhulidwe kanga, akaona kwerekwere basi. Akandiuza kuti malo kulibe, ndipo nkhope yanga akaisunga. Koma akamuona mwana, wasamba, wavala yunifolomu yawo, lipoti lake lili m'manja, angamubweze bwanji? Munthu sabweza mwana ali pamaso pake."

Ndipo kunena zoona, zinamveka. Kwathu si mmene timachitira? Tsiku lotsegulira sukulu umamugwira mwana dzanja, n'kupita naye kwa ahedi, n'kunena kuti nayu mwana. Kalasi idzaze bwanji, anzake amasuntha. Kaya akhala pa simenti kaya pansi pa mtengo, koma alembedwa. Tonse awiri tinakulira momwemo. Zoti kuno malo amapempheratu chaka chili pakati, ndipo pofika Januwale zonse zimakhala zitatha kalekale, palibe anatiuza. Akanatiuza ndani, pamene palibe ankadziwa kuti kukubwera mwana? Abwana awo achimwenye aja ali ndi ana m'sukulu zomwezi, mawu awiri okha akanakwana. Safunsa anadya phula, amatero, koma amene amanena mwambi umenewu sanamenyedwepo mbama mu tekisi.

Yunifolomu anasoka okha. Ya m'shopu anati ulusi wake ndi waulesi. Anaiyeza ndi maso pa matupi a ana a eni: diresi lobiriwira lopanda manja, lopindapinda kutsogolo, malaya oyera mkati. Miyeso ya Fadila anaimva pa foni, Tahira atamuyeza ndi chingwe. Baji ya pachifuwa anaisoka pamanja ndi ulusi wa mitundu, ataiyang'anitsitsa pa ana amene ankagula magwinya pafupi nawo. Kenako anaimbira Che Mahmoud kuti sukulu yapezeka. Sananame. Mumtima mwawo inali itapezekadi.

Fadila ndinabwera naye ine, Khirisimasi itangopita. Anali mu Sitandade 8, chaka chili pakati, mayeso akuyandikira. Anatsanzika aphunzitsi ndi anzake onse kuti akukaphunzira ku Joni, ndipo mabuku ake anagawa. Mtsikana wamtali, wamanyazi, wa maso a bambo ake. Pa siteshoni ya mabasi mayi ndi mwana anayang'anana kaye, aliyense akudikira mnzake. Kenako Fadila anagwada pa simenti pomwepo, monga anaphunzitsidwa, ndipo a Halimah anamudzutsa msangamsanga, akucheuka uku ndi uku kuti waona ndani. Kumukumbatira anamukumbatira titafika m'chipinda.

Masabata amenewo ndi okhawo amene ndinawamva a Halimah akuimba posoka. Anamuluka tsitsi, anamuphikira zonse zimene ankalota kumuphikira, mchere n'kuthira wokwanira, ine mpaka kudabwa. Anamuphunzitsanso malamulo a kuno: mumsewu usagwadire munthu, mu tekisi usayankhe foni, wina akakufunsa kwanu ungomwetulira. Mwana ankamvetsera, maso ali pa amayi ake. Tsiku lina anakwera naye mtunda kukamuonetsa sukulu itatsekedwa. Anagwira mawaya a mpanda n'kumulozera zenera lapamwamba, kuti mwina kalasi yake idzakhala imeneyo, poti ndi kumene kumalowa kamphepo.

Tsiku lotsegulira tinapita atatu. Ine ndinapita ngati mlomo, poti Chingerezi changa cha mumsika chimayenda ndithu. Fadila anawala, abale! Yunifolomu inamukhala kuposa eni ake, mpango woyera kumutu, nsapato zikunyezimira kupolishidwa. Titangolowa pa geti belu linalira, ndipo mtsikana wina wamkulu, pulifekiti, ataona yunifolomu anamugwira dzanja mwansangala: "Giredi 8? Woza, woza," kutanthauza bwera, n'kupita naye pa mzere wa ana atsopano pabwalo. A Halimah ananditsina ndi chimwemwe. "Mwaona? Amulandira kale."

Ife tinaima pa mzere wa makolo wopita ku ofesi, pakhonde, pamene bwalo lonse limaoneka. Mzerewo unali wautali ndipo sunkayenda. Pabwalo anapemphera, anaimba, ahedi anayankhula. Kenako aphunzitsi anayamba kuitana maina, kalasi ndi kalasi. Mwana akamva dzina lake ankayankha n'kutuluka pa mzere, kutsatira mphunzitsi wake. Kalasi yoyamba inapita. Yachiwiri inapita. Mzere wa Fadila unkachepa, iye n'kumasunthira kutsogolo, chikwama atachikumbatira pachifuwa, khutu ali tcheru. Anaitana Fatima wina, ndipo Fadila anaponya phazi n'kulibweza. Kalasi yomaliza itapita, pabwalo lonse lija panatsala mwana mmodzi, dzuwa likumuwomba, ndipo m'mazenera monse munali nkhope za ana zikumuyang'ana.

Sanasunthe. Mwina ankaganiza kuti kukubwera mphunzitsi wina. Kenako anatembenuka kutiyang'ana, ndipo ine ndinati, "Abiti, muitaneni mwana." Pakamwa pawo panatseguka, koma mawu sanatuluke, pakuti pakhondepo panali podzaza makolo. Ndinakuwa ndine: "Fadila! Bwera kuno, mwanawe!" Mwa Chichewa, ndipo wofuna kumva anamva. Anayenda bwalo lonse lija yekha, kwinaku wina pa zenera akumuimbira mluzu.

Mu ofesi munali mayi wa magalasi, ndipo sindimunenera zoipa, sanatinyoze. Anayang'ana lipoti la Fadila n'kunena kuti mwanayu ndi wanzeru. Kenako anafunsa kuti malo tinapempha liti. Ndinati tabwera lero, nayu mwana. Anavula magalasi. "Eish, mama," anatero, n'kufotokoza pang'onopang'ono kuti malo anatha chaka chatha, kuti ana odikira ndi ambiri, ena okhala mumsewu womwewo, ndiponso kuti mwana wochokera kunja amafunika mapepala amene amatenga miyezi. Anati tikanabwera nthawi yake akanatithandiza, ana a ku Malawi alipo kale angapo pa sukulupo. Ine ndinakalipa, ndinachonderera, ndinati mwanayu akhala pansi, safuna desiki. Anati kuno sizitheka. Ndikuti ndimasulire, ndinaona kuti a Halimah amva kale. Anangondifunsa chinthu chimodzi, monong'ona: "Akuti ndikanalowa, akanandilandira?" Ndinati eya.

Tinayenda sukulu zina, ngakhale zija anazikana, ya zimbudzi ija ndi ya aphunzitsi othawa ija. Konse kunali kodzaza. Ku ofesi ya maphunziro anati tidikire. Koma masiku a m'pasipoti sadikira munthu, ndipo Che Mahmoud atamva anangoti, "Tinagwirizana chiyani?" Fadila sanadandaule, sanalire pamaso pathu. Yunifolomu anaivula tsiku lomwelo, anaipinda bwinobwino n'kuiika pa makina. Ankatsuka mbale, kusesa, kuyankha "eya" ndi "ayi". Ndinabwerera naye ine. Ulendo wonse uja, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza, mawu amene ndinamva kwa iye anali opempha madzi.

Chimene a Halimah anachita pambuyo pake ndimachinena ndi ulemu. Nyengo yopempha malo itakwana, ine ndili ku Malawi, anavala n'kupita okha ku sukulu ya pamtunda. Analowa mu ofesi. Anayankhula, Chingerezi chothyokathyoka, Chizulu cha m'makutu, munthu amene zaka zonsezi sankatha kuimitsa tekisi. Mayi wa magalasi uja anawakumbukira ndipo anawalondolera zonse. A Halimah anaima m'mizere ya maofesi imene ine sindingaime ngakhale mutandichonderera. Chaka chisanathe yankho linabwera: Fadila ali ndi malo, Giredi 8, Januwale 2015. Pa foni mwana ankangoti, "Eya, amayi. Chabwino, amayi." Iwo anamva ngati wavomera.

Mu Disembala ndinakwera minibasi ya ku Namwera kukamutenga. Ndinamupeza akuchapa kuseri, atatalikanso. Tahira anandikokera pambali n'kundiuza zimene pa foni sankanena. Mwana atabwerera, mayeso sanakhoze, poti anali ataphonya zambiri ndipo mtima sunali pamalo. Anabwereza Sitandade 8 pamodzi ndi ana amene kale ankawathandiza masamu. Mudzi wonse unkamutchula kuti wa ku Joni. Akalakwitsa m'kalasi anzake ankati, "Ku Joni amatero?" Miyezi yambiri ankangoweruka n'kudzitsekera m'nyumba. Panopa ndiye wayambanso kuseka, ndipo aphunzitsi akuti ulendo uno asankhidwa.

Tinakhala pakhonde, Che Mahmoud pa mpando, ife pa mkeka. Ndinafotokoza zonse, kuti ulendo uno si zongoganizira, dzina lalembedwa, ndaliona ndi maso angawa. Che Mahmoud anati mawu awo sasintha, sukulu ilipo, mwana angathe kupita, koma ayankhe yekha. Fadila anagwada chapatali, maso pansi.

"Anti, sindipita."

Ine ndi mtima wanga wapachala uja ndinayamba: ukudziwa mmene amayi ako avutikira? Ukudziwa mizere aima, nsapato zatha? Ukudziwa kuti anatsegula pakamwa chifukwa cha iwe? Anandisiya mpaka ndinatopa.

"Ndikudziwa, anti. Koma ndikatseka maso ndimaona bwalo lija. Ndinawayang'ana amayi, iwo anandiyang'ana, sanandiitane." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Kuno amandiseka, koma m'mawa aphunzitsi akamaitana maina, langa limakhalapo. Mukawauze amayi kuti sindinakwiye. Koma asandichotsenso."

Ndinayang'ana Tahira kuti andithandize, koma anali akulira. Che Mahmoud anati, "Mwana wanena." Ndinagona komweko, m'mawa ndinayesanso, mofatsa tsopano, ndikumuthandiza kuyanika zovala. Yankho linali lomwelo. Anandipatsa kathumba ka mtedza, kosenda yekha, kuti ndikapatse amayi ake.

Nkhani yotere sinenedwa pa foni, ndiye foni yanga ndinaizimitsa, ndipo Tahira akafunsidwa ankangoti a Lizzie anyamuka. Basi inafika ku Durban m'mawa, mvula ikuwaza. Ndinawaona a Halimah pa zenera ataima pamalo pomwe paja, atanyamula maambulera awiri. Ndinatsika. Anayang'ana kumbuyo kwanga. Anadikira anthu onse atsike, mpaka anyamata anayamba kutsitsa katundu. Kenako anandiyang'ana ine. Sanafunse pamenepo, pa anthu. Anandithandiza kunyamula zikwama mpaka kuchipinda, anatseka chitseko, n'kuti, "Nenani."

Ndinanena zonse. Zoti sanamuitane zija ndinkafuna kubisa, koma anandifunsa kuti mawu ake enieni anali otani, ndipo munthu uja sungamunamize akukuyang'ana. Ndinawapatsa kathumba ka mtedza kaja, iwo anakafumbata. Kenako anati, "Sananame."

Zitachitika za ku Isipingo mu Epulo, alendo atayambanso kusakidwa, anthu akugona m'matenti, ena akukwera mabasi obwerera kwawo, panapezeka anzeru ena omati Mulungu anachita dala, bola mwanayo sanabwere. Mawu amenewo musadzawanene pamaso panga, ndidzakuchititsani manyazi. Mulungu sanaimike mwana pabwalo paja. Anamuimika ndi anthu aja anaphunzitsa mayi ake kuopa pakamwa pawo pomwe.

Koma ndibwerere ku Januwale. Kutatsala pang'ono kuti sukulu zitsegulidwe, a Halimah anandidzutsa m'mawa kuti ndiwaperekeze pamtunda. Ndinati mukatani, asiyeni malowo, mwina mwana asintha maganizo. Anati sasintha, ndi mwana wa Che Kasim ameneyo. Ndinati ndiye ingokhalani, akaona okha kuti sanabwere. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Akaitana dzina lake pabwalo, palibe woyankha, pamene pakhonde paima mayi wina wopusa ngati ine, atagwira mwana wake dzanja."

Mu ofesi mayi wa magalasi anawalandira akumwetulira, n'kufunsa kuti Fadila wafika liti. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe monga kale, koma a Halimah anandigwira bondo. Ananena okha, liwu limodzilimodzi, kuti mwana sabwera, malowo apatse wina. Mayi uja anafunsa ngati atsimikiza, poti akachotsa sangabwezerenso. Anafunsa kawiri. A Halimah anati yebo, eya wa Chizulu. Anayang'anitsitsa mpaka dzina la mwana wawo litachoka pa kompyuta, anathokoza, n'kudzuka.

Pa geti anaima pang'ono, akuyang'ana bwalo lopanda munthu.

"Koma sukulu ndinasankha yabwino, eti a Lizzie?"

Ndinati yabwino kwambiri, Abiti.

Anagwedeza mutu, ndipo tinatsika mtunda mofulumira, poti shopu inali itatsegulidwa kale ndipo makatani a anthu ankadikira.